Ngongole, chibale ndi geni: mafunso amene amalonda anzanga a ku Dedza safuna kusiya kufunsa

Ndinayamba ndi milu ya tomato m'mbali mwa msewu wa M1. Lero ndili ndi kaokala pa Dedza boma, komanso ndimatumiza mbatata ya kachewere ndi kabichi kwa makasitomala a ku Lilongwe amene amaoda pa WhatsApp. Popeza ndine mlembi wa gulu lathu la banki mkhonde, anzanga amandipeza ndi madandaulo awo tikamaliza kuponya masheya, ndipo mafunso ake amangokhala omwewomwewo. Ndawaika pamodzi pano, kuyambira opepuka.

Kodi ndizikongoza katundu kapena ndizikana?

Amene amanena kuti "ine sindikongoza" ndiye kuti sanachitepo geni pamalo pamene anabadwira. Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amalandira pakutha pa mwezi. Alimi a ku Bembeke amagwira ndalama akakumba mbatata kapena akamenya nyemba. Mukawakaniratu onsewa, shuga adzaumira pa shelefu.

Kongozani, koma mukhale ndi kope la ngongole zokhazokha, losiyana ndi la malonda a tsiku ndi tsiku. Muzilemba mwini wake akuona: dzina, katundu, mtengo ndi tsiku limene walonjeza kubweza, kenaka asayine kapena adinde chala. Ambirife pamenepa ndi pamene timagwa. Timachita manyazi kutulutsa kope pamaso pa munthu wamkulu, timadikira kuti atembenuke kaye, kasitomala wina n'kufika, ife n'kuiwala. Pakatha miyezi iwiri iye akuti anatenga mapaketi awiri, inu mukukumbuka atatu, ndipo mboni palibe.

Ndalama zonse zimene zili m'manja mwa anthu zisapose phindu lanu la mwezi umodzi. Zikaposa pamenepo mwayamba kukongoza mpamba, ndipo tsiku lopikula mudzapita ku Lizulu mutanyamula kope m'malo mwa ndalama. Amene sanamalize ngongole yoyamba asatengenso ina, ngakhale ikhale ya machesi.

Achibale amangotenga katundu, ndikawauza mtengo amati ndayamba kunyada. Ndichite bwanji?

Ili ndiye funso lapha maokala ambiri kuposa akuba. Azakhali afika kuchokera kumudzi, mwapatsana moni, mwafunsana za odwala, kenaka akuloza: "Mwanawe, tandipatsa shuga uyo ndi kabotolo ka mafuta." Sananene kuti akugula, sananenenso kuti akupempha. Inu mukuganiza kuti ndi ngongole, iwo akupita akudziwa kuti mwana wa mchimwene wawo wawapatsa. Mukadzawakumbutsa, nkhani imafika mpaka kwa amalume kuti mwanyoza mtundu.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti mawu azituluka katundu asanalowe m'chikwama. Ine ndimanena chonchi: "Zakhali, shuga uyu ndakupatsani ine, musabweze. Koma mafutawa ndi a geni, ndilemba m'kope, mudzandipatsa mukagulitsa nyemba." Ndikatero ndimatulutsa ndalama ya shugayo m'thumba mwanga n'kuiponya m'kabati iwo akuona. Poyamba ankaseka kuti ndikudzigula ndekha. Pano anazolowera, ndipo amadziwa kuti ngakhale mwini okala satenga chinthu chaulere.

Mwezi uliwonse patulani kandalama kothandizira abale, kochokera pa malipiro anu osati pa mpamba. Kakatha katha, ndipo mukhoza kunena mosabisa kuti "mwezi uno ndathandiza kale kumaliro, tidikire mwezi wamawa." Akuluakulu anati chibale ndi fupa sichiola, ndipo ananena zoona. Mpamba wokha ndi umene umaola, ndipo ukaola abale omwewo ndi amene amayamba kufunsa kuti ndalama munkapita nazo kuti.

Mtengo wachibale ulipo, sindikana. Chotsaniko pa phindu, koma musatsike kupyola mtengo umene munapikulira kuphatikizapo thiransipoti.

Tsiku lobweza ladutsa ndipo munthu wangoti zii. Ndimufunse motani osadana naye?

Mufunseni msanga. Ngongole ya sabata imodzi imakumbutsika mwanthabwala, ya miyezi isanu imafuna nkhope yolimba. Pitani nokha, panokha, nthawi imene mukudziwa kuti ndalama yamufika: wapantchito tsiku limene malipiro alowa, mlimi tsiku limene galimoto yanyamula matumba kumunda kwake. Kutchalitchi, pamaliro ndi pamaso pa ana ake si malo ofunsira ngongole.

Musayambe ndi mlandu, yambani ndi vuto lanu: "Achimwene, Lachitatu ndikupita kokapikula, ndiye ndimati ndione ngati mungandipatseko ija." Akati alibe yonse, landirani imene ali nayo, lembani yotsala ndi tsiku latsopano. Nyemba, nkhuku kapena ganyu yomanga mpanda zonse ndi malipiro, bola mugwirizane mtengo wake musanalandire.

Chimodzi chokha musachite: kulowa m'nyumba mwa munthu n'kunyamula wailesi kapena njinga kuti ikhale chikole. Chikole chimaperekedwa ndi mwini wake pamaso pa mboni. Mukalanda nokha, mukhoza kupezeka kuti amene mwagona kupolisi ndinu, wangongole ali phee kunyumba.

Nanga ndikamuika pa status kapena pa Facebook kuti anthu amudziwe?

Mtima umafunadi kutero, makamaka ukamuona munthu ali ndi ndalama yako akuika zithunzi ali kunyanja ku Mangochi. Koma dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza, kuopseza kapena kunyoza munthu kudzera pa foni ndi pa intaneti, ndipo anthu akhala akumangidwa chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mukalemba kuti "wakuba uyu" pansi pa chithunzi cha munthu amene munamukongoza nokha, mwamupatsa ndodo yoti akukwapuleni nayo.

Komanso makasitomala ena amaona. Sanena kanthu, amangoganiza kuti tsiku lina adzakhala iwo, n'kuyamba kugula kwa mnzanu. Njira yoyenera ndaifotokoza pa funso lomaliza.

Kasitomala wanditumizira chithunzi chosonyeza kuti walipira, koma ndalama sindikuiona. Ndimupatse katundu?

Ayi. Chithunzi cha uthenga si ndalama, ndipo mwana aliyense wodziwa foni akhoza kuchikonza. Onani nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu: *211# pa Airtel Money, *444# pa TNM Mpamba. Netiweki ikavuta, dikirani nonse awiri. Kasitomala woona mtima sakwiya ndi mphindi khumi.

Chenjeraninso ndi aja amatumiza uthenga wonga wa kampani kuchokera pa nambala wamba, kenaka n'kuimba akulira kuti alakwitsa nambala, ndalamayo inali ya wodwala kuchipatala, muwabwezere msanga. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, ndipo ndalama imaoneka mu akaunti. Ngati munthu walakwitsadi, muuzeni aimbire kampaniyo kuti ibweze yokha. PIN yanu musauze munthu, ngakhale atati akuimba kuchokera ku ofesi.

Za yotapira, nenani potchula mtengo: "Thumba ndi mwakuti, muikeponso yotapira." Mukakumbuka ndalama italowa kale, ingoluzani, mudzanene ulendo wina.

Ndatumiza katundu pa minibasi, wafika ataonongeka kapena sanafike n'komwe. Aluze ndani?

Izi zinandionekera chaka chimene ndinayamba kutumiza ku Lilongwe. Ndinakweza matumba awiri a mbatata ndi dengu la tomato m'mawa kukuzizira, chifunga chili tolo mpaka phiri la Dedza osaoneka. Kondakitala anandilonjeza kuti dengu likhala pamwamba. Atafika pa Chimbiya anakweza matumba ena, dengu langa n'kupita pansi. Mayi amene anaoda anandiimbira ali m'depoti: "Asisi, mwanditumizira tomato kapena supu?" Nambala ya galimoto sindinalembe, kondakitala sindinkamudziwa dzina, ndipo sitinapangane kalikonse za katundu woonongeka panjira. Ndinabweza ndalama yonse ya tomato, phindu la mbatata n'kuthera pomwepo.

Kuchokera tsiku limenelo ndimajambula katundu asanakwere ndiponso atakwera, ndimajambula nambala ya galimoto, ndimatenga foni ya dalaivala, zonsezi n'kutumizira kasitomala nthawi yomweyo. Ulendo wa ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, choncho wolandira ayenera kukhala ali m'depoti galimoto isanafike. Katundu wogona m'depoti alibe mwini.

Pa funso loti aluze ndani, ine ndimatsata izi ndipo ndimauziratu kasitomala aliyense watsopano: ngati galimoto ndasankha ndine, katundu ndi wanga mpaka afike m'manja mwake. Ngati watumiza yekha dalaivala wake, udindo wanga umathera pokweza. Tomato wakupsa kwambiri sinditumizanso, ndimatumiza wongoyamba kufiira.

Mnzanga akufuna tiphatikize mpamba. Ndivomere?

Vomerani ngati nonse mungathe kukambirana za tsiku losiyana musanagule n'thumba limodzi lomwe. Amene akukana kukamba zimenezo ponena kuti "ife ndi apachibale, sitingakangane" ndi amene mudzakangane naye.

Mkangano waukulu umabwera pamene wina waika ndalama, wina waika thukuta. Woika ndalama ali ku ofesi, amangoimba madzulo kufunsa kuti zayenda bwanji. Winayo wadzuka 4 koloko, wakwera lole, wanyowa ndi mvula pa Tsangano. Pogawana phindu theka ndi theka, wathukutayo amayamba kuona ngati akubedwa, ndiye amayamba kudzilipira mwakachetechete. Konzani chonchi: wogwira ntchito alandire kaye malipiro ake odziwika, phindu lotsalalo ndiye mugawane molingana ndi mpamba umene aliyense anaika. Muziwerengera limodzi katundu ndi ndalama pa tsiku lokhazikika, kope likhale limodzi, ndipo pepala la mgwirizano lisayinidwe pamaso pa wapampando wa msika kapena nyakwawa, aliyense asunge lake.

Woyandikana nane wayamba kugulitsa zomwe ndimagulitsa, mpaka akugwiritsa ntchito zithunzi zanga.

Pa katunduyo palibe mlandu. Imani pa Lizulu tsiku la msika muone amayi angati akugulitsa kabichi, karoti ndi anyezi mzere umodzi, ndipo onse madzulo amapita kwawo atagulitsa. Musatsitse mtengo mwaukali kuti mumugwetse, mudzagwa nonse. Kasitomala amabwerera kumene anapeza mbatata yosankhidwa bwino, pansi pa thumba pofanana ndi pamwamba.

Zithunzi ndi nkhani ina. Chithunzi chimene mwajambula nokha ndi chanu, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zimenezi. Koma musathamangire malamulo pa nkhani ya anthu okhala mpanda umodzi. Muuzeni pamaso kuti achotse, ndipo kuyambira pamenepo muzijambula katundu pali kapepala kolembedwa dzina la geni yanu pakati penipeni.

Mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku, makasitomala akale akuti ndawatembenukira. Ndiziika mtengo wotani?

Ikani mtengo poyang'ana ndalama imene mukapikulire mawa, osati imene munapikulira dzana. Ambiri tinaphunzira izi ndi misozi. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anagulitsa katundu yense pa mtengo wakale akusangalala kuti malonda ayenda, atapita kokapikula anabwerako ndi makatoni ochepa kuposa amene anagulitsa. Kuno kumalire zimapweteka kawiri, chifukwa pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire, mbali ina Malawi mbali ina Mozambique, ndipo mlimi wa ku Angonia amawerengera mbatata yake poyang'ana mphamvu ya metikali.

Kasitomala wakale muuzeni zoona, ngakhale kumuonetsa lisiti la kumene mwapikula. Muikireni basela m'malo motsitsa mtengo: tomato awiri apamwamba amakumbukika kuposa K100 yochotsera. Koma amene analipiriratu pa mtengo wakale mupatseni katundu wake pa mtengo womwewo, ngakhale muluze. Ndalama yake munali nayo, mukanatha kugula tsiku lomwelo.

Ngongole nayonso imadyedwa ndi kukwera kwa mitengo. Paketi ya shuga imene munakongoza mu January, ndalama yake ikabwera mu June sigulanso paketi. N'chifukwa chake malire a ngongole aja ndatchula pa funso loyamba ndi ofunika kwambiri masiku ano.

Ndinapatsa mlimi ndalama ya feteleza kuti adzandigulitse mbatata, koma wagulitsa kwa wina.

Musanamutche wosakhulupirika, dzifunseni mtengo umene munapangana. Ngati munakhomerera mtengo mu December, pofika nthawi yokumba wavenda wina n'kubwera ndi lole ndi mtengo woposa wanu, mlimi amene ali ndi fizi ya ana pakhosi sangadikire inu. Pangano labwino limati ndalama ya fetelezayo ndi ngongole yodzachotsera, ndipo mbatata mudzagula pa mtengo wa pamsika wa tsiku lokumba, mwina kuchotsako pang'ono pothokoza kuti munamuthandiza. Likhale lolembedwa, mboni ikhale nyakwawa ya m'mudzimo, ndipo tsiku lokumba mukhalepo.

Kumbali yathu ife ogula tilinso ndi zathu. Alimi amatidziwa ndi ndowa zophwanyidwa pansi kuti zilowe zambiri, matumba osokerera chipewa pamwamba, ndi masikelo onama. Sikelo ya malonda imayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo pa mbewu monga chimanga, soya, nyemba ndi mtedza, Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka chilichonse mitengo yoyambira kugulira kwa mlimi. Mlimi amene munamubera pa muyezo chaka chatha sakuonani ngati mnzake chaka chino, ngakhale mumupatse feteleza.

Ndalama imene munapereka ija ikadali ngongole. Itsateni monga ndafotokozera pa funso lachitatu.

Ndinalemba pakhoma kuti "katundu wogulidwa sabwezedwa". Kodi zimenezi zimanditeteza?

Sizikutetezani. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti zikwangwani zotere n'zosaloledwa, chifukwa wogula ali ndi ufulu wobweza katundu woonongeka kapena wosiyana ndi amene anauzidwa. Fufutani mawuwo. Ngati tochi siyaka kapena mafuta adutsa tsiku lake, sinthani kapena bwezani ndalama mosakangana.

Munthu wongosintha maganizo, amene wavala diresi ku ukwati Loweruka n'kubwera nalo Lolemba likununkha perefyumu, ameneyo mukhoza kumukana. Yesani katundu pamaso pa wogula asanachoke, ndipo wodula mumulembere lisiti.

Ndalama zikuperewera m'kabati. Ndi mtsikana wondithandiza kapena ndi chitaka?

Ndamvapo zambiri za chitaka, ndipo ndikudziwa anzanga amene amaika makala kapena singano m'kachitini ka ndalama, ena salandira ndalama ya munthu wachilendo m'mawa asanagulitse kanthu. Sinditsutsana ndi chikhulupiriro cha munthu. Koma nthawi zonse pamene tinakhala pansi ndi mnzathu wodandaula za chitaka n'kuwerengera bwinobwino, tinapeza ndiwo za kunyumba zotengedwa osalemba, kabaza wa mwana wa sukulu, mayunitsi, chopereka cha kumaliro, ndi ngongole zitatu zoiwalika.

Yambani mwawerenga katundu yense pamodzi ndi wothandizayo. Kwa masabata awiri lembani chilichonse chotuluka, ndi chanu chomwe. Ngati kusiyana kukupitirira pa masiku amene iye ali yekha, khalani naye pansi awiri, muonetseni manambala, mumve mbali yake. Funsaninso chikumbumtima chanu ngati mumamulipira pa nthawi yake. Mwana wa achemwali amene munamutenga kumudzi kuti "azithandiza" popanda malipiro odziwika amadzilipira yekha, ndipo tsiku lomuchotsa mudzayankha kwa mtundu wonse.

Musaloze munthu chala kuti ndi mfiti kapena kuti ndiye wachitaka. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Bambo a kunyumba, kapena mayi a kunyumba, amatapa ndalama za geni osandiuza.

Dziikireni malipiro inu eni, pa sabata kapena pa mwezi, ndipo ndalama ya pakhomo izichokera pamenepo. Mnzanuyo muonetseni kope kuti aone kusiyana kwa ndalama yolowa ndi phindu, chifukwa ambiri akaona K80,000 m'kabati madzulo amayesa yonseyo ndi yodya. Ndalama yopikulira isagone m'nyumba: isungeni pa foni kapena ku banki. Ngati munatenga ngongole ku banki mkhonde, mnzanuyo adziwe tsiku lobweza ndi chiwongoladzanja chake, popeza gulu likabwera kudzatenga chikole limanyamula katundu wa nonse. Zikakanika, nkhaniyi ndi ya ankhoswe, ndipo si yochititsa manyazi kuitengera kumeneko.

Ndayesa zonse, munthu akukanabe kulipira. Ndipite kuti?

Yambani pafupi. Ngati nonse ndinu a mumsika, komiti ya msika imaitana anthu awiri n'kuwamva, ndipo ambiri amalipira pongoopa kutaya ulemu pamaso pa anzawo. Ngati ndi wa m'mudzi, pitani kwa nyakwawa, zikakanika kwa gulupu. Wapantchito amaopa kalata yofika kwa abwana ake, koma muchenjezeni kaye musanalembe, chifukwa mukamuchotsetsa ntchito ndalama yanu yapita limodzi naye.

Apolisi si otolera ngongole. Iwo amalowerera pakakhala kuba kapena chinyengo, monga munthu amene walandira ndalama ya katundu amene alibe n'kuzimitsa foni. Ngongole wamba imapita kubwalo la majisitireti, ndipo pa boma pano lilipo. Simufunika loya pa nkhani yaing'ono: mumakafotokoza kwa kalaliki, mumalipira ndalama yotsegulira mlandu, wangongoleyo amalandira samani. Musanapite, werengerani thiransipoti, masiku otseka okala ndi ndalama yotsegulirayo, muone ngati ngongoleyo ikuposa zimenezo. Ya K5,000 ine ndimangoikhululukira, dzina n'kulilemba kuchikuto cha kope kuti asadzakongolenso.

Mukaganiza zopita, nyamulani kope lija muli siginecha yake, mauthenga a pa WhatsApp amene anavomera kuti adzalipira, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza zimene anaperekako, ndi mboni imene inalipo tsiku lotenga katundu. Foni imene muli mauthengawo muitchajiretu usiku wake.